Zithunzi za Atsikana Opita ku Omani

Kuseri kwa msika wa Nkhotakota Boma, pakati pa telala ndi wokonza mafoni, pali kachipinda ka a Sailesi Fakiri, ojambula zithunzi. Akhalamo zaka zoposa makumi awiri. Anayamba ndi kamera ya filimu imene ankakatsukitsa ku Lilongwe, koma lero ali ndi kompyuta ndi kamakina kotulutsa chithunzi munthu ali chiimire.

Pabomapo amadziwika ndi khalidwe limodzi: sakhulupirira munthu msanga. Mpunga amaununkhiza kawiri asanagule. Wakabaza akawauza kuti njira yakuchipatala yatsekedwa, amatsika kuti akadzionere okha. Akazi awo, mayi Malita, amati, "Amuna angawa mukawauza kuti lero ndi Lachisanu, amayamba afunsa kuti wakuuzani ndani."

Khalidweli linakula ndi ntchito. Pansalu yoyera ya pakhoma paima anthu ambiri ofuna zithunzi za ulendo, ndipo aliyense amafunsidwa kumene akupita ndi chimene akukatsata. Asodzi a ku Dwambazi amatchula Joni, ati munthu amabwerako ndi malata ndi njinga yamoto. Madala a kumzikiti amatchula Maka, mawu akunjenjemera, kuti akapondeko asanafe. Mphunzitsi wina wa ku Mwadzama ankalakalaka Ulaya chifukwa cha chisanu chogwa ngati ufa, chimene ankaphunzitsa ana chaka ndi chaka asanachikhudzepo. A Sailesi ankakhulupirira a ku Maka okha. Za enawo ankati munthu akamati akufuna kukaona dziko, pali chimene akuthawa kwawo. Iwo eni mtima wawo uli kuchilumba cha Unguja, panyanja yamchere, kumene kunachokera agogo a bambo awo, koma pasipoti sanapangitsepo. Amati ndani akudziwa ngati abale akumeneko ali abale enieni.

Tsiku lina mu Okutobala wa 2022, dzuwa likuswa mtengo, munalowa bambo wovala kanzu yoyera mbee, akununkhira mafuta odula. Kumbuyo kwake kunali atsikana atatu: Madina, Zuhura, ndi Aziza, mwana womaliza wa a Sailesi. Aziza anayang'ana pansi.

"Salaamu aleikumu, bambo. Ndine Faizal wa ku Salima. Ndimapezera atsikana ntchito m'mahotela a ku Omani. Aliyense zithunzi ziwiri, cha nkhope ndi cha thupi lonse."

"Waleikumu salaamu. Cha thupi lonse n'chachiyani? Hotela imalemba munthu poona msinkhu?"

Faizal anaseka. "N'cha yunifomu, bambo, kuti asokeretu."

"Telala amafuna tepi, osati chithunzi."

A Sailesi anamufunsa dzina la hotelayo, iye anatchula. Anatengako nthawi akupukuta galasi la kamera, kenako anamufunsanso ngati aiwala, ndipo dzina linatuluka lina. Anaonanso kuti atangonyamula kamera, mlendoyo anasuntha n'kukaima kuseri kwa chitseko. Madina ndi Zuhura anawajambula, poti makolo awo anali atavomera kale. Itafika nthawi ya Aziza anatseka kamera.

"Iwe pita kunyumba."

Atafika kunyumba anapeza Aziza akulira, mayi ake ali pambali pake.

"Ababa, chilembereni mayeso a Fomu 4 ndatha zaka ziwiri ndikuyanika usipa wa eni ake," anatero Aziza. "Ndikufuna ndikwereko ndege nanenso. Ndikaone mzinda umene magetsi sazima. Kumeneko n'kwa Asilamu anzathu, azana yoitanira anthu kukapemphera imamveka paliponse. Mukuopa chiyani?"

"Munthu uja sindikumudziwa."

"Nanga alipo amene inu mumamudziwa?" anayankha mayi Malita. "Mwanayu akalambira pathandala la usipa chifukwa cha kukayika kwanuko."

A Sailesi anatenga chitupa cha unzika cha Aziza n'kukachitsekera m'kabati ya kuntchito.

M'mawa mwake anapita kwa mayi a Zuhura, mayi wamasiye wogulitsa zitumbuwa pa depoti. Anawafotokozera za mayina awiri a hotela ndi za chitseko. Mayiwo anamvetsera akutembenuza zitumbuwa m'chiwaya.

"A Sailesi, si inu munanena kuti anthu okumba mjigo wa kumzikiti ndi akuba? Lero madzi ake simukumwa? Wanu mwamukaniza, chabwino. Wanga musiyeni akayese mwayi."

Za mjigozo zinali zoona, ndipo zinawaluma. Mwina analakwanso ulendo uno. Choncho Loweruka anatseka kachipinda kawo, n'kukwera minibasi ya ku Salima kukafuna ofesi imene Faizal ankanena. Anaipezadi: chipinda chimodzi, tebulo, mipando iwiri, ndi chikwangwani chojambulidwa ndege. Wina akanabwerera mtima uli m'malo. Iwo anayandikira chikwangwanicho n'kumva fungo la penti. Anafunsa wogulitsa mayunitsi pakhonde, ndipo anawauza kuti mwezi wathawo m'menemo munali saluni. Atafika kunyumba n'kunena zimenezi, Aziza anangoti, "Ofesi iliyonse imakhala ndi tsiku loyamba."

Madina ndi Zuhura ananyamuka mu Disembala, mvula itayamba. Pasanathe mwezi Madina anayamba kutumiza zithunzi: ali m'sitolo yaikulu yowala, ali m'mbali mwa nyanja yamchere atavala abaya yatsopano. Hotela kunalibe, ankagwira ntchito m'nyumba ya banja lina, koma ankati akumusunga bwino. Chithunzi chilichonse chikafika, Aziza ankaika foni patebulo pamaso pa bambo ake. Iwo ankachikulitsa ndi zala, kuyang'ana m'maso mwa Madina ngati akumwetuliradi, kuyang'ana amene waima kumbuyo kwake. Cholakwika sanachipeze.

Zuhura anaimba kawiri kokha. Kachitatu anatumiza uthenga wa mawu, akunong'ona, kuti pasipoti amulanda ndipo geti amakhoma. Kuchokera pamenepo foni yake inangoti zii. Ya Faizal nayo inasiya kupezeka.

Mu Malichi mayi a Zuhura anafika kukachipinda kuja. Anaima pakhomo nthawi yaitali, akupotokola nsonga ya mpango.

"Apolisi akufuna chithunzi chake chooneka bwino. Kodi chija munachisunga?"

A Sailesi anachipeza pakompyuta n'kutulutsa zinayi. Za tsiku la padepoti sanazitchule. Anavala kofia yawo, anatseka chitseko, n'kuwaperekeza mayiwo kupolisi, kumene anafotokoza zonse zimene anaona: msinkhu wa munthuyo, dzino lake lothyoka, mayina awiri a hotela, ndi malo a ofesi ija. Wapolisi wolemba anachita kuwapempha kuti azilankhula pang'onopang'ono. Koma ngakhale iyeyo a Sailesi sanamukhulupirire. Anaumirira kuti awawerengere zonse zimene walemba asanasayine.

Faizal sanapezeke. Zuhura anabwera patapita chaka ndi miyezi iwiri, mothandizidwa ndi amayi ena amene ankalumikizana pafoni kusaka atsikana osowa kumeneko. Anatsika minibasi atawonda, ali ndi kachikwama kamodzi. Za ku Omani salankhula, ndipo anthu anasiya kumufunsa. Amakhala padepoti ndi mayi ake. Madina akadali komweko, ndipo makolo ake afolera nyumba ndi malata.

Pabomapo ena anayamba kunena kuti a Sailesi anaona patali. Aziza savomereza. Tsopano amaphunzira kusoka kwa telala woyandikana ndi bambo ake, ndipo tsiku lina akudya chinangwa chophika pakhonde anawauza maso ndi maso.

"Munapulumutsa Zuhura kapena ine? Zuhura anapita ndithu. Ine simukudziwa ngati ndikanakhala iye kapena Madina."

"Sindikudziwadi," anatero a Sailesi.

"Ndiye mundipatse chitupa changa. Ndakula."

A Sailesi analowa m'kati, anatsegula kabati, n'kumupatsa. Anamufunsa ngati pali wina amene wamulonjeza ulendo. Aziza anati palibe, ndipo anabwerera ku makina ake. Madzulo asanaweruke a Sailesi anamuitana telalayo pambali n'kumufunsa ngati masiku amenewa kwabwerako mlendo aliyense wocheza ndi mwana wawo.