Agogo a M'chipinda Chapansi

Kwii, kwii, masitepe otsikira kuchipinda chapansi analira pakati pa usiku. A Arlo Bergquist analidziwa phazilo. Anali Wren, mdzukulu wawo wa zaka zitatu.

"Agogo, tsegulani. Ndigone pamimba panu."

"Bwerera kwa amako, kanyerere iwe. Agogo akuyaka ngati babu."

A Arlo anaima patali ndi chitseko, manja kumbuyo, mpaka Tessa, mwana wawo, anabwera kudzamunyamula Wren akulira.

Bambowa anakalambira pa chiwongolero cha basi ya ana asukulu, ndipo phokoso la ana linali ngati chakudya chawo. Impso zitasiya kugwira ntchito, anazolowera kupita kutauni katatu pa sabata kukasefetsa magazi pamakina, mpando wawo utagundana ndi wa a Curtis, wodwala mnzawo, amene ankanyozana nawo za nsomba zomwe sanagwirepo. Kenaka kunabwera khansa ya chithokomiro. Atawachita opaleshoni, anawamwetsa kapisozi wa ayodini wotulutsa cheza chopha zotsalira za khansayo, koma choopsa kwa mwana akayandikira.

Anthu ena chimawathera mumkodzo m'masiku ochepa. Koma a Arlo sakodza. Chimachoka pang'onopang'ono, makamaka akakhala pamakina, ndipo tsopano ankawasefera m'kachipinda kaokha, namwino akuyankhulira pakhomo.

Tessa anamva kuti omwa mankhwalawa azimwa madzi ambiri, ndiye anandandalika mabotolo pamasitepe.

"Ufuna kundimiza?" anakuwa ali pansipo. "Madzi onsewa atulukira pati?"

"Ndiye nditani, adadi?"

"Undiphikire mazira basi."

Tessa anaseka, koma mbale anaisiya pasitepe yapamwamba n'kuthawa.

Lachisanu chipale chofewa chinatseka msewu, tsiku lamakina linapita pachabe. Chezacho chinali chikadali m'thupi, ndipo Wren anali atatulukira katsegulidwe ka kageti ka pamasitepe. M'mawa wa usiku uja anamva Tessa akumusambitsa mwanayo kawiri, ngakhale sanamukhudze n'komwe.

"Tessa, kalavani yanga yosakira agwape ija, mbaula yake imagwirabe?"

"Adadi, kunja kukuzizira koopsa."

"Ndafunsa za mbaula."

Tessa sananene kuti musapite.

A Arlo anayamba kupinda mabulangeti. Azikakhala m'kalavanimo, kuseri kwa garaja, kumene timiyendo ta Wren sitingadutse chipalecho, mpaka tsiku limene achipatala adzawapime n'kunena kuti angathe kunyamulanso mwana.