Si Agogo akunyowetsa pansi, ndi mpata wa bafa

Mwaswera bwanji nonse.

Lero m'mawa ndapeza Agogo atagwada m'chipinda chosambira, akupukuta madzi pansi ndi chitenje chawo kuti Amalume a Yona asaone. Ndi mawondo otupa aja! Atandiona angoti, "Usanene mwanawe, andikalipiranso."

Kwa amene simunamve, Amalume akuti Agogo akumwaza madzi chifukwa cha ukalamba, ndiye kuyambira mawa azisamba m'ndowa kuseri kwa nyumba. Kuzizira konseku.

Ine sindiyankhulayankhula, koma ndinaona mmene mmisiri wa Amalume anagwirira ntchito mwezi watha. Pakati pa bafa ndi khoma anangomata silikoni, phala lotsekera mipata lija, watsopano pamwamba pa wakale wankhungu, khoma lili lonyowa, m'bafa mulibe madzi. Bafa lachitsulo limeneli ndi la nthawi ya Chitaganya. Likadzaza limatsika pang'ono, silikoni n'kung'ambika.

Masana ano ndalidzaza popanda munthu kulowamo, n'kuwaitana Amalume. Mpata watseguka tikuona, mpaka mpeni kulowa. Ndathirapo kapu ya madzi, onse atulukira pansi. Iwo akuti, "Iwe Tamanda, umisiri unauyamba liti?" Kupepesa ayi.

Silikoni ndagula kale ku Msika wa Lilongwe. Ndipala wakale yense, pakauma ndimata bafa lili lodzaza, osakhuthula mpaka atagwira. Zimenezo ndithana nazo ndekha.

Koma Agogo anandisambitsa m'bafa lomweli mayi anga atamwalira. Tiwatulutsedi panja chifukwa cha mlandu womwe si wawo? Azakhali a ku Area 9, yankhulanipo lero. Amalume amamva inu nokha.