Nyenyezi yofufuma ija

Chisomo mng'ono wanga, lero kuchipatala kwathu ku Oud Metha kwabwera wodwala wotupa nkhope, ndipo ndakumbuka iwe.

Utabwera kudzandiona kuno ku Dubai, tinapita kuchipululu madzulo. Unandilozera nyenyezi yofiira, imodzi mwa zimene unkafufuza kuyunivesite. Unati nyenyezi ikakalamba imafufuma, ndipo kuwala kwake kumaulula kaboni ndi ayironi zimene zili m'kati, “ngati mmene mumayezera magazi, achemwali.” Ndinakutsina tsaya n'kuseka: “Nawenso wanenepatu, sukulu yakuyanja!” Sikunali kunenepa, zinali impso. Ine nesi wonseyu ndinakutengera kumashopu m'malo mokakuyeza magazi, ndipo chaka chisanathe tinakuika m'manda. Iwe unkadziwa za m'kati mwa nyenyezi yakutali. Ine tsaya lako ndinaligwira ndi dzanja langali, osadziwa kanthu. Ndikhululukire, mwana wa amayi.