Mimba ya achimwene a Gilibati si ya fodya

Mwaswera bwanji nonse.

Ndangofika kumene kuchokera kuchipatala ku Boma, ndinaperekeza achimwene a Gilibati ndi alamu. Mimba ija timaiseka kuti "chaka chino fodya wayenda bwino", lero aiunika pamakina. Akuti chiwindi chakutidwa ndi mafuta, chayamba kutupa.

Adokotala atafunsa za mowa, alamu anawayang'ana achimwene ngati awapezerera ndi mkazi wina. Munthu mkulu wa mpingo! Adokotala anachita kuwakhazika mtima pansi: "Mayi, matendawa akugwira ngakhale amene sanaulawepo. Ndi shuga, zokazinga, zakumwa zotsekemera, ndi kumangokhala." Ndipo n'zoona, chigulireni njinga yamoto ija, ngakhale kuchigafa cha fodya sapita wapansi.

Koma chandipweteka kwambiri n'chapageti. Tikutuluka, tinakumana ndi mnzawo wa ku Nkhamenya. Anawasisita pamimba, amvekere: "Eee bwana, akukusamalanitu kunyumba!" Achimwene anangoseka, misozi ikulengeza m'maso.

Tsono abale, mukudziwa mmene amayi amanyadira mimba imeneyi kwa anzawo a Mvano, ndipo Lamulungu lililonse amawakazingira nkhuku. Ndani wa ife akawauze kuti mwana wawo sakunenepa, akudwala?