Mwala Wokwechera wa a Eveles

Pakati pa Amalawi okhala ku Tabata, mumzinda wa Dar es Salaam, munthu akangonena kuti watumidwa ndi a Eveles, mageti a anthu olemera a ku Msasani ankatseguka okha. Mayiwa anachoka ku Kasungu mu 1999 kutsatira mwamuna wawo woyendetsa lole, ndipo mwamunayo atatsamira mkono, anatsala ndi mwana mmodzi, Pendo, ndi dzina labwino basi. Dzinalo ankalisamala kuposa maso awo. Anagwira ntchito zaka makumi awiri ndi ziwiri m'nyumba ya Dokta Mwanaheri, mayi wamasiye amene ankaphunzitsa za miyala ku yunivesite asanapume, ndipo ngakhale supuni sinasowepo. Amayi asanu ndi mmodzi a kumpingo kwawo anapeza ntchito za m'nyumba chifukwa cha mawu a a Eveles okha. Aliyense ankalandira mwambo umodzimodzi asanaperekezedwe: "Kwa eni ake, ngakhale chitsekerero cha botolo umapempha." Kunena zoona ankazinyadira mopitirira muyeso, mpaka anzawo ankawajeda kuti akadzafika kumwamba adzayamba ndi kuyendera ngati angelo amapukuta m'makona.

Chimene chinkawachititsa manyazi ndi zikang'a. Mafuta onse a kumsika wa Kariakoo analephera, ndipo timiyala topepuka ta m'mashopu ankati ndi masiponji. Tsono zaka zitatu zapitazo, nyumba ya Dokta ikupentedwa, anaona pamulu wa zinyalala kuseri kwa khitchini mwala wakuda, waukulu ngati chibakera, wokhakhala bwino, wolemera modabwitsa. Anauponya m'chikwama. Sanapemphe, pakuti ndani anapemphapo mwala? Kuyambira pamenepo unkakhala pakona ya bafa ku Tabata, ndipo zidendene za a Eveles zinasalala mpaka amayi a kwaya kufunsa chinsinsi chake.

Chakudza sichiimba ng'oma. Lachisanu lina m'mawa Dokta anawaitana m'chipinda chodyera.

"Mama Pendo, ndibweretsereni chivwende, kokonati, malalanje awiri, kaphwetekere kakang'ono ndi mpunga wodzaza dzanja. Lolemba ndikalankhula ndi ana asukulu. Ndiyambe ndayesera pa inu."

A Eveles anabweretsa zonsezo nkuima chapatali, nsalu yopukutira ili paphewa. Dokta anayala zipatsozo pamzere patebulo. Kaphwetekere kaja anati ndi dziko lathu lino, ndi Dar es Salaam yemwe, ndi Kasungu yemwe. Chivwende anati ndi Jupita, dziko la mpweya wokhawokha lopanda nthaka yoti uimepo, lozunguliridwa ndi miyezi yoposa makumi asanu ndi anayi, ndipo umodzi mwa miyeziyo uli ndi nyanja yobisika pansi pa madzi oundana. Kokonati uja anamuveka mkombero wa pepala nkumutcha Satani, kenaka anaona nkhope ya a Eveles nkuseka.

"Osati wa m'Baibulo uja, Mama Pendo. Satani uyu ndi dziko, mikombero yakeyi ndi tizidutswa ta ayezi."

Malalanje anawaika kumapeto kwenikweni kwa tebulo, Uranasi ndi Neputoni, kozizira ndi kwa mdima. A Eveles mutu unaima. Iwo ankadziwa mwezi umodzi, ndipo unkawakwanira. Kenaka Dokta anamwaza mpunga pakati pa kaphwetekere ndi chivwende.

"Iyi ndi miyala yotsala pomwe maiko ankapangika. Jupita ndi mphamvu zake anailetsa kugwirana, ndipo nthawi zina amakankhira umodzi kuno. Ndili nawo umodzi. Malemu bambo a nyumba ino anandibweretsera kuchokera kuchipululu chaka chomwe tinakwatirana. Ana akaugwire ndi manja awo."

Anatsegula kabokosi kamatabwa kamene kanakhala zaka m'chipinda chosungiramo katundu. Munali thonje lokhalokha.

Awiriwo anasanthula chipinda chonsecho mpaka masana. Dokta, munthu woti a Eveles sanamuonepo akulira ngakhale pamaliro a mwamuna wake, anakhala pampando misozi ili mbwee. Kenaka anatulutsa chithunzi chakale kuti a Eveles adziwe chomwe akufunafuna. Mwala wakuda, waukulu ngati chibakera, wokhala ndi kadzenje kumbali konga polowa chala chachikulu. Kadzenje kameneko a Eveles ankakadziwa bwino, chifukwa ndi momwe ankagwira pokwecha.

A Eveles anafunsa ndi mawu a munthu wina kuti mwalawo unali wa zaka zingati.

"Mabiliyoni anayi ndi theka. Palibe mwala wa pansi pano umene ungaupose ukale." Dokta anapukuta m'maso. "Mwina opaka penti aja anautaya. Ndifunsa mlonda, ndifunsa wam'dimba. M'nyumba muno amene sindingamufunse ndi inu nokha."

Mu daladala, minibasi yopita ku Tabata, a Eveles anapitirira siteji yawo koyamba chibwerereni mumzindawu. Atafika kunyumba analowa m'bafa osavula nsapato. Mwala uja unali pakona pomwepo, pafupi ndi kachidutswa ka sopo, mbali imodzi itasalala, khungu lakuda litatha, dzimbiri litadontha pasimenti. Anachita mantha kuugwira. Chinthu choti chinayenda mumdima kufupi ndi Jupita dziko lisanaumbike bwino, chinapyola moto, chinagwa m'chipululu, chinakhala mphatso ya ukwati, nkudzathera pa zikang'a za mayi wa ku Kasungu.

Pendo, amene Chichewa amachimva koma poyankha amasakaniza, atamva nkhaniyo anagwira pakamwa, kenaka anaseka mpaka kukhala pansi.

"Amayi, ndiye mwakhala mukukwecha ndi nyota, nyenyezi yeniyeni? Sasa mvetserani. Mtsinje wa Msimbazi suli patali. Ponyanimo, basi. Dokta akuti ndi mafundi a penti, si choncho?"

Maganizo amenewo a Eveles anali atawaganiza kale mu daladala, ndipo ndi chimene chinawaopsa kwambiri. Loweruka lonse anauyang'ana mwalawo. Lamulungu kutchalitchi anakhala pakati pa amayi awiri amene iwo anawapezera ntchito. Akaulula, nkhani ifika ku Msasani konse kuti ngakhale Eveles amatola. Akakhala chete, mlonda wosalakwa afunsidwa mafunso, ndipo iwo aziwiritsa tiyi akumvetsera.

Lolemba analawirira. Anaukulunga mwalawo mu chitenje chawo cha Mvano, ndipo atapereka moni waulemu wa shikamoo anagwada pakhomo la chipinda chodyera, chinthu chomwe sanachitepo m'nyumbamo. Anafotokoza zonse: mulu wa zinyalala, chikwama, bafa, zidendene. Sanabise ngakhale sopo.

Dokta anamasula chitenjecho. Anautembenuza mwalawo, anaununkhiza, anayang'ana mapazi a a Eveles, nkuyang'ananso mwala.

"Zaka zitatu? M'madzi?"

"Tsiku lililonse, Dokta. Lamulungu kawiri."

Dokta anatulutsa mawu osadziwika ngati kuseka kapena kulira. Anatenga galasi lokulitsa zinthu nkuyang'ana mbali yosalala ija nthawi yaitali. Anati khungu lomwe linapsa pogwa lapita ndipo silidzabweranso, koma taonani timibulu iti, ndi madontho a fumbi loyambirira, ana awaona bwino lero. Anawauza kuti adzuke, mawondo awo si a mtsikana. Sanakalipe, sananene za kuchotsa ntchito. Mtima wa a Eveles unayamba kutsika pang'onopang'ono, ndipo anatembenuka kuti akatereke madzi a tiyi.

Ali pakhomo la khitchini, Dokta anawaitana. Anali akubwezera mwalawo m'thonje, maso ali m'kabokosi, ndipo analankhula mofatsa, mwaulemu wake wa masiku onse.

"Mama Pendo, poti tayamba kale kukambirana. Pali chinanso chimene chili ku Tabata?"

A Eveles anatsegula pakamwa kuti anene kuti ayi. Yankho linali loona, koma anazindikira kuti Dokta, amene Lachisanu anati sangawafunse, tsopano akulidikira.