Achimwene atakumbukira kuti ndi malume

M'banja mwathu amene anaphunzira mpaka sukulu kuwathera ndi achimwene anga okha. Itatha ya ku Lichinga anapita ku Maputo, itatha ya ku Maputo anakwera ndege kukafuna ina kwa azungu, imene ankaitcha mesitiradu. Ine ndinalekera kalasi yachinayi. Nditawafunsa pafoni kuti akuphunzira chiyani kwenikweni, anandiyankha pang'onopang'ono ngati akulankhula ndi wodwala.

"Ndikuphunzira za mmene ana a mitundu ndi mayiko osiyanasiyana angaphunzirire pamodzi, chikhalidwe cha aliyense chikulemekezedwa."

Ndinathokoza. Kuno ku Cobue mwana wa Myao, wa Mnyanja ndi wa makolo obwerera kuchokera ku Malawi amapanikizana pa benchi limodzi, kugawana pensulo ndi nsabwe zomwe. Sindinkadziwa kuti zimenezi zimafuna ndege.

Anabwera kwathu nyengo ya mwera, ali ndi ndevu ndi chikwama chakumsana. Chilichonse ankachijambula pafoni: maukonde, thandala la usipa, amayi akuvuula chinangwa. Akaona mkazi atasenza nkhuni ankapukusa mutu mogoma n'kunena kuti, "Chikhalidwe chathu ndi cholemera." Nkhunizo sanamulandire aliyense.

Tsiku lina anatisonkhanitsa pakhonde, amayi, amuna anga ndi ine. Anati kusukulu kwawoko analemba za ife, ndipo azungu anawomba m'manja atamva kuti kwathu mwini mwana ndi malume, osati bambo. Mwambo umenewu achimwene anausiya kalekale pamodzi ndi kabudula wa ku pulayimale, koma anakautola ku Ulaya uli wonyezimira. Tsono monga malume, anati atenga mwana wanga wamkazi, wa zaka zisanu ndi ziwiri, azikakhala naye ku Maputo. Kumeneko anapeza ntchito pasukulu ina yophunzira ana a mayiko ambiri.

Ndinayang'ana amuna anga. Iwo anapitiriza kusoka ukonde.

"Ine ndine mkamwini, alamu. Ana ndi a kwanu."

Tsiku limenelo lokha ndi pamene amuna anga anakumbukira mwambo bwinobwino. Amayi nawo anangoti mwanayo wachita mwayi.

Achimwene anati iwo si munthu wokakamiza. Anaphunzira kuti mwana nayenso ali ndi maganizo, ayenera kufunsidwa. Anamuitana, n'kugwada pamchenga, munthu wamkulu ndi ndevu zake, kuti maso awo alingane.

"Ukufuna kupita nane ku Maputo?"

"Kuli makatuni ngati a m'foni mwanumo, amalume?"

"Ambirimbiri."

"Nanga madzi amatunga kuti?"

"Amatuluka okha m'nyumba."

"Ndipita lero lomwe."

Anadzuka akusansa mchenga m'mawondo. "Mwamva nonse. Mwana wasankha yekha."

Mwana yemweyo m'mawa mwake anali atasankha yekha kumeta mphaka ndi lumo la bambo ake.

Kenaka anatembenukira kwa ine. "Nawe mlongo wanga, masuka, lankhula. Pano aliyense ndi wofanana."

Ofanana, amayi ali pomwepo, amuna anga ali pomwepo, ndipo wofunsayo ndi amene ankandibereka kumsana ndili khanda. Ine ngakhale kutchalitchi ndimayimba chapansipansi kuti asandimve. Ndinayang'ana zala zakumiyendo. Achimwene anadikira pang'ono, monga anawaphunzitsira, n'kunena kuti nkhani yatha bwino.

Kwathu munthu wamkulu sitimukana pamaso. Amene sakufuna chinthu amangosowa pa tsiku lake, ena n'kumva okha, popanda wochita manyazi. Tsiku limene galimoto ya ku Lichinga inkayembekezeka kudzatenga achimwene ndi mwana, ndinabereka khanda langa, ndinagwira mwana wamkazi uja padzanja, n'kukwera boti la ku Likoma, kwa apongozi anga. Amuna anga anationa tikutsikira kudooko. Anayang'ana kumwamba ngati akuyesa mphepo.

Mwera unali utakwiya ndithu. Mwana anasanza njira yonse, akapuma n'kumakuwa kuti, "Amama, uku si ku Maputo!" Anthu m'botimo ankaseka. Mayi wina wa mitolo ya nsomba anati, "Khala chete iwe, Maputo wa kuno ndi yemweyu." Apongozi atationa sanafunse kanthu. Anangoyala mphasa.

Ndinamva kuti achimwene anailola galimotoyo kupita, nadikira ina. Nayonso itafika anakwera okha, chifukwa ntchito sikanawadikira. Nditabwerera kunyumba anandiyimbira foni. Ndinaiyang'ana ikulira, mpaka amayi anandikalipira kuti ndiyankhe.

"Ndinamva, mlongo wanga," anatero. "Nditangouzidwa kuti wakwera boti ndinamva. Usaiwale kuti inenso ndinabadwira komweko."

"Nanga munadikiriranji, achimwene?"

"Ndimati mwina ukafika kutsidyako uganizanso." Kenaka anawonjeza kuti, "Sindimafuna kukulanda mwana. Ndimakumbukira tsiku limene unasiya sukulu iwe. Unalira kuseri kwa nkhokwe, ukuyesa kuti palibe akukuona."

Zimenezo sindinaziyembekezere, ndipo zinandikwiyitsa kuposa ndevu zija. Munthu ukamukonzera mkwiyo sabata yonse, sayenera kuyamba kulankhula zoona. Ndinati netiweki ikuvuta, ndinadula.

Mwana ali nane. Ndimamuluka tsitsi ndekha, akadwala malungo ndi ine amene ndimamugwira pachipumi, osati wantchito wa m'nyumba ya ku Maputo amene sindikumudziwa. Amapita kusukulu yathu yomweyi. Aphunzitsi ake ndi munthu wabwino, akakhalapo. Amaphunzitsa m'Chipwitikizi, ana n'kumabwereza mokweza zimene sakuzimva, ndipo akapita ku semina ku Metangula kalasi yonse imakasambira. Madzulo ena ndimamuuza kuti andiwerengere. Amaika chala pa mawu, n'kuyang'ana ine kuti ndimuthandize, ine n'kuyang'ana mawuwo.

Achimwene amayimbabe. Amafunsa za amayi, za nsomba, za mphepo, ndipo pomaliza amati malo a mwana akadalipo. Ine ndimati zikomo. Chaka chino mwanayo wabwereza kalasi. Sindinawauze.