Nsangalabwi Pansi pa Dongo

Ntchito ya mijigo inandipeza ndili kumtsinje, komwe ine ndi amayi tinkakumba mchenga wogulitsa. Kunabwera a Namakhwa, kapitawo wa gulu lokumba mijigo, kudzafuna timiyala tothira m'mbali mwa mapaipi. Ataona kasefedwe kanga anandifunsa ngati ndingafune ntchito. Ndinangoyang'ana pansi, Tadala wanga ali kumsana. Anayankha ndi amayi: "Apita."

Ntchito yanga inali yotola zotuluka m'dzenje. Chitsulo chobowolera chikalowa pansi mita imodzi ndinkatapa ndi fosholo, kutsuka pasefa, n'kuika kamulu pamzere kuti akapitawo aone zimene zili pansi. Sukulu ndinalekera sitandade folo, koma mchenga ndinkaudziwa. M'chilimwe mtsinje wakwathu umagawikana timifuleni tambiri, ndipo ukasintha njira umasiya nsangalabwi pamene unkathamanga, matope pamene unkadekha. Madzi amayenda m'nsangalabwi, koma m'matope amangokhala. A Namakhwa anandiuza kuti pansi pa minda palinso mitsinje yakalekale yokwiririka, yogona chimodzimodzi.

Tsiku lovuta linatipeza m'mudzi wina kufupi ndi Milonde. Dzenje loyamba linali louma, ndipo lachiwirili likanakanika tikanachoka osabwereranso. Azimayi a m'mudzimo, amene ankatunga madzi kudambo komwe kumamwa ng'ombe, anali atakhala pansi pa mtengo wa mango ndi zidebe zawo.

Kuyambira m'mawa kunkatuluka dongo basi. A Jailosi, oyendetsa makina, anati, "Pano palibe kanthu, bwana. Tizule zitsulo." Akapitawo anavomera ndi mutu.

Ine n'kuti ndikutsuka kamulu komaliza. Pasefa panatsala timiyala titatu tosalala, tobulungira. Mwala wophwanyidwa ndi chitsulo umakhala wakuthwa, koma timeneti tinali togubuduzidwa ndi madzi. Chiyambire ntchito ndinali ndisanayankhulepo ndi azibambowo popanda kufunsidwa. Ndinapita, kugwada, n'kuika timiyalato m'manja mwa akapitawo.

"Izi n'za mumtsinje, bwana. Uli pansi pomwepa."

A Jailosi anaseka. "Kani amake Tadala pakamwa ali napo? Ine ndimayesa tinalemba sefa yoyenda."

A Namakhwa sanaseke. Anatembenuza timiyalato ndi chala, kenako anati, "Lumikizani chitsulo china."

Chisanalowe theka, kulira kwa makina kunasintha. Kunatuluka mchenga waukuluukulu, kenako madzi amatope amene anawanyowetsa a Jailosi mpaka kumutu. Pamulingo womwewo tinaika mapaipi a timipata tolowera madzi, n'kuthira m'mbali timiyala tosefa ndekha. Pofika madzulo madzi anali atayera, azimayi aja akulimbirana pamzere.

Manyazi ndikadali nawo. Kutchalitchi ndimakhala kumbuyo, ndipo a Jailosi akamandiseka ndimayang'anabe pansi. Koma chimene sefa yandionetsa ndimachinena zitsulo zisanazulidwe.